Ndalama za Cohen sizigula bondo

Achimwene, musayambe n'komwe kuwerengera World Series, chikho chachikulu cha baseball ku America, chifukwa choti Steve Cohen, mwini timu ya New York Mets, ali ndi thumba lakuya. Izi mukunenazi, zoti Mets agule oponya mpira awiri a mayina kenako apereke anyamata a ku timu yawo yaing'ono ya ku Syracuse kuti apeze wachitatu, tinaziona kale ndipo bala lake silinapole. Bwererani ku Disembala 2022. Timu inali itapambana masewero 101 koma San Diego n'kuitulutsa mu Wild Card, ndime yoyamba ya masewero achipulula, pakhomo pomwe pa Citi Field. Katswiri woponya mpira Jacob deGrom ananyamuka wa ku Texas, zaka 5 pa madola 185 miliyoni, ndipo sabata isanathe Billy Eppler, mkulu wogula osewera panthawiyo, anali atabweretsa Justin Verlander, zaka ziwiri pa madola 43.3 miliyoni chaka chilichonse, ndalama yofanana ndi yomwe Max Scherzer ankalandira kale. Verlander anakwanitsa zaka 40 mu Febuluwale, Scherzer ali ndi 38. Anawonjezera Kodai Senga wochokera ku Japan pa 75 miliyoni, José Quintana pa 26 miliyoni, Brandon Nimmo n'kumusunga zaka 8 pa 162 miliyoni, Edwin Díaz, woponya wotseka masewero, zaka 5 pa 102 miliyoni. Ngakhale Carlos Correa anatsala pang'ono kubwera, zaka 12 pa 315 miliyoni, mpaka madokotala ataona mwendo wake wakumanja womwe anachitidwa opaleshoni mu 2014. San Francisco inali itabwerera kale m'mbuyo pa nkhani yomweyo, ndipo munthuyo anakathera ku Minnesota.

Ndiye kunabwera 15 Malichi 2023, ku Miami, sizoni isanayambe ndi mpira umodzi womwe. Puerto Rico ikutsogola Dominican Republic 5-2 mu mpikisano wa mayiko wa World Baseball Classic, Díaz walowa inning yachisanu ndi chinayi, chigawo chomaliza cha masewero, wagwetsa omenya atatu onse ndi strikeout (kutulutsa womenya ndi ma strike atatu). Masewero atha. Palibe yemwe anamuwomba ndi mpira, palibe yemwe anagundana naye pa base. Anzake anangomuzungulira, agwirana m'mapewa akudumphadumpha pang'ono mwachisangalalo, kenako gulu lija linamwazika ndipo munthu ali pansi wagwira bondo lakumanja. Anayesa kumudzutsa, mwendo ukukana kuponda. Anamutulutsa pa wilitcheya, mng'ono wake Alexis akulira pamaso pa makamera. Mtsempha wolumikiza chivundikiro cha bondo ndi fupa la m'munsi unali utaduka wonse, opaleshoni mawa lake, ndipo chaka chonse cha 2023 sanaponye mpira. Uyu ndi munthu yemwe mu 2022 anali ndi ERA (ma run omwe woponya amalola pa ma inning 9 alionse) ya 1.31 yokha, strikeout 118 mu ma inning 62. Ndiye mundiuze, ndi cheke chanji chomwe chikanaletsa zimenezija?

Koma chondipsetsa mtima si bondolo ayi, ngozi ilibe mwini. Ndi momwe bullpen, gulu la oponya olowa m'malo, anaimangira, ngati nyumba yoima pa mzati umodzi. Díaz atagwa, David Robertson yemwe anamugula kuti azigwira inning yachisanu ndi chitatu anasunthira kumapeto, ndipo anachita bwino ndithu, koma aliyense kumbuyo kwake anakwera sitepe imodzi n'kumagwira ntchito yomuposa msinkhu. Quintana anapezeka ndi vuto la nthiti mu spring training, zokonzekera sizoni, anabwera mu Julayi. Verlander anayamba sizoni ali wovulala mnofu wa kuseri kwa phewa, mpira wake woyamba anaponya mu Meyi. Scherzer anamutulutsa mu masewero ku Los Angeles pa 19 Epulo chifukwa cha manja omata, iye akulumbira kuti ndi rosin, ufa wololedwa wogwirira mpira, ndi thukuta chabe, n'kumuimitsa masewero 10. Oponya oyamba masewero akamatuluka mu inning yachinayi kapena yachisanu, ma inning otsalawo amagwera bullpen yomweyo usiku uliwonse. Mwezi wa Juni anapambana 7, kugonja 19. Eppler anali ndi bajeti yomwe palibe mnzake anaigwirapo m'mbiri ya baseball kufika nthawi imeneyo, koma anaithera pa mayina apamwamba, munthu wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri woyamba masewero n'kumuiwala.

Ndipo malamulo atsopano ankadziwika kuyambira Seputembala 2022, sanagwe kumwamba. Wotchi yoponyera mpira: masekondi 15 ngati pa base palibe munthu, 20 ngati alipo, yomwe anaitsitsanso kufika 18 mu 2024. Womenya akhale ali tcheru patatsala masekondi 8. Woponya amaloledwa kuchotsa phazi kapena kuponyera ku base kawiri kokha pa womenya mmodzi, kachitatu akapanda kumugwira wothamangayo ndi balk, kutanthauza kuti othamanga amapatsidwa base yotsatira. Ma base anakula kuchoka mainchesi 15 kufika 18. Shift, kuunjika otchinga mbali imodzi, inaletsedwa: otchinga awiri mbali iyi ya base yachiwiri, awiri mbali inayo, mapazi onse pa dothi. Masewero omwe ankatenga maola atatu ndi mphindi zinayi anatsika kufika pafupifupi maola awiri ndi mphindi 40, ndipo kuba ma base kunakwera kuchoka 2,486 kufika 3,503 mu ligi yonse. Mwa kuona kwanga, zonsezi zinkakomera miyendo yachinyamata ndi mikono yochira msanga. Mkulu wa zaka 40 yemwe anazolowera kuzungulira kachitunda, kupukuta thukuta, kupuma bwino asanaponye fastball ina, wotchi imamulanda mpumulo umenewo maulendo 95 usiku umodzi. Atlanta inali ndi Ronald Acuña Jr. akuba ma base 73, pomwe Mets inasonkhanitsa madoda. Scherzer anachoka ali ndi ERA ya 4.01. Verlander sanali woipa, 3.15, kungoti anafika nyumba itapsa kale.

Msonkho womwe ligi imalipiritsa timu yodutsa malire a malipiro a osewera nawo muziuwerenga musanauze anthu kuti ndalama si vuto. Mu 2023 malire oyamba anali 233 miliyoni, ndipo pamwamba penipeni panali mzere wa 293 miliyoni womwe anthu amangoutchula dzina la Cohen. Mets, pokhala chaka chachiwiri chotsatizana, dola iliyonse yodutsa mzere umenewo inkalipira masenti 90 apadera, ndipo kachitatu zimafika 110. Anatha ndi bilu yoposa 100 miliyoni ya msonkho wokha pa timu yomwe inamaliza 75-87. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti ukadutsa malire oyamba ndi 40 miliyoni, malo ako oyamba mu draft, posankha osewera atsopano, amabwerera m'mbuyo ndi 10. Mu 2023 Mets inayenera kusankha pa 22, inasankha pa 32. Apo ndiye kuti mukulipira ndi anyamata a mawa, osati ndalama zokha. Pofika pa 1 Ogasiti anali atagulitsa onse: Robertson ku Miami, Scherzer ku Texas posinthana ndi Luisangel Acuña, Verlander kubwerera ku Houston posinthana ndi Drew Gilbert ndi Ryan Clifford, ndipo pa awiri akuluakuluwo Cohen anaperekezanso madola oposa 35 miliyoni aliyense. Kulipira munthu kuti akasewerere ena! Scherzer n'kukatenga mphete ya World Series ndi Texas chaka chomwecho, deGrom nayenso, ngakhale anali atavulala chigongono.

Za anyamata, musamangowerenga mndandanda wa top 100 n'kumaganiza kuti onse adzakhala nyenyezi. Mu 2023 Francisco Álvarez anamenya ma home run 25 ali ndi zaka 21, koma Brett Baty anamenya .212 yokha, pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu, mpaka kumubweza ku Syracuse mu Ogasiti, ndipo Ronny Mauricio anaduka mtsempha wa bondo mu ligi ya ku Dominican Republic mu Disembala. Muziyang'ana zinthu zitatu izi musanakondwe: amagwa ndi strikeout kangati pa Triple-A, ligi yaing'ono yomaliza asanafike ku timu yaikulu, ali ndi malo enieni otchinga kapena angomusowetsa poima, ndipo watsala ndi ma option angati. Ma option ndi zaka zomwe timu ingamubweze ku ligi yaing'ono popanda kumuika poti ena amutenge, ndipo nthawi zambiri ndi zitatu zokha. Yemwe anasaina ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo ayenera kulowa mu 40-man, mndandanda wa osewera 40 otetezedwa, pakatha masizoni 5, wa zaka 19 kupita m'mwamba pakatha 4, apo ayi timu ina imutola mu draft ya Rule 5 mu Disembala pa madola 100,000 okha. Mukasunga onse, mpando umatha.

Ndiye ngati mukufunsa choti David Stearns, yemwe anatenga udindo wogula osewera pambuyo pa Eppler, achite, ine ndingati agule ndithu woponya mmodzi wamphamvu, ngakhale wodula, chifukwa mu Okutobala simungapite patali ndi anthu asanu apakatikati. Azingoonetsetsa kuti ali pansi pa zaka 32 ndipo kumbuyo kwake kuli ena asanu ndi awiri oti angayambe masewero. Anyamata awiri kapena atatu awagulitsenso mtengo usanagwe. Inde, ndikudziwa muyamba kunditchulira Pete Crow-Armstrong yemwe anapita ku Cubs mu 2021 chifukwa cha miyezi iwiri ya Javier Báez, zija zimawawa mpaka pano. Koma Jarred Kelenic yemwe tinamulira ngati maliro atapita ku Seattle mu 2018 ndi amene anabweretsa Díaz yemweyu, ndipo sanafike pomwe ankamuyembekezera. Wowakha mpira yekha musamugulitse mwachisawawa, chifukwa kuyambira mu 2026 pali zotsutsa chigamulo cha ball ndi strike pa kompyuta: timu iliyonse mwayi uwiri, amaloledwa kupempha ndi woponya, wowakha kapena womenya basi, pogogoda chipewa nthawi yomweyo osayang'ana ku benchi, ndipo ukalondola mwayiwo sutha. Wowakha wodziwa bwino malire a strike zone, malo omwe mpira uyenera kudutsa kuti ukhale strike, akhala wamtengo kuposa uja wongokoka gulovu kunamiza umpire, woimbira masewero.