Mavidiyo amathandiza pa Mechanics, koma pensulo isachoke m'manja

Achimwene, mwafunsa ngati mavidiyo a pa YouTube ndi manotsi a pa intaneti angakupulumutseni pa Engineering Mechanics, poti Statics, gawo lonena za mphamvu pa zinthu zosayenda, yakukanikani semesita ino ku Bunda. Amathandiza ndithu, koma muli msampha umene ine ndinakodwamo.

Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndinkachezera mavidiyo kwathu ku Area 25, bandulo n'kumatha ngati madzi. Ubwino wake ndinauona. Mphunzitsi wa m'vidiyo umamuimitsa, n'kumubweza kasanu, iye osatopa. Za Dynamics, gawo la zinthu zoyenda, zimene pabolodi zimangokhala mizere, pa foni umaziona zikuyenda. Maphunziro a MIT OpenCourseWare ndi a NPTEL ya ku India ndi aulere, ndipo amafotokoza mwakuya.

Koma kuonerera wina akusova truss (chimango cha zitsulo kapena matabwa ngati cha denga) kumanyenga. Mutu umangovomera kuti eya, eya, n'kumadziona ngati wamvetsa. Titabwerera kusukulu, mayeso oyamba ndinangoti kakasi kuyang'ana pepala, osadziwa kuti muvi wa reaction, mphamvu imene chochirikiza chimabwezera, uloze kuti. Ndinali nditaonera ma free body diagram (zojambula zosonyeza ndi mivi mphamvu zonse zimene zili pa chinthu) ambirimbiri, koma dzanja langa linali lisanajambulepo ngakhale khumi. Zinandiwawa kwambiri.

Chimene chinandisintha ndi ichi: funso likangooneka pa sikirini, imitsani vidiyo. Jambulani nokha, ikani ma force (mphamvu) onse, lembani kuti force zonse pamodzi ndi ziro, ma moment (mphamvu zozungulitsa chinthu) onse pamodzi ndi ziro, musove mpaka kumapeto. Mukatero m'pamene muyatsenso kuti muone pamene mwaphonya. Vidiyo ya mphindi 10 izikudyerani ola lathunthu, musadandaule.

Musamalenso ndi mayunitsi. Mavidiyo ambiri a ku America amagwiritsa ntchito ma pound ndi ma feet, g (nambala ya kukoka kwa dziko lapansi) n'kukhala 32.2, pomwe ife ndi 9.81. Thumba la simenti la 50 kg limalemera 490.5 N (ma newton, muyezo wa mphamvu), ndipo mukasakaniza mayunitsi a ku America ndi athuwa malikisi apita.

Komanso Mechanics ili pamsewu pomwepa. Pitani ku Biwi mukaone makaniko akulimbana ndi nati ya tayala yokana kumasuka. Amalowetsa paipi ku sipanala. Mphamvu ya 200 N pa sipanala ya 0.3 m imapereka 60 Nm, koma paipi ikafikitsa 1 m, dzanja lomwelo lapereka 200 Nm, nati n'kugonja. Moment ndi imeneyo: mphamvu kuchulukitsa ndi utali wa sipanala. Kuyambira tsiku limene ndinaona zimenezi sindinaiwalenso fomula yake.

M'kalasi musajombe chifukwa cha foni, pakuti mayeso akulemberani ndi aphunzitsi anu, ndipo mapepala a mayeso akale ndi amene akusonyezeni kafunsidwe kawo. Poyambira, jambulani free body diagram ya wilibala yonyamula thumba limodzi la simenti, muitumize m'gulu muno madzulo ano tiione limodzi.