Kusukulu kwabwera matabuleti: kodi mwana wanga adzadziwa kugwira pensulo?

Alangizi, ndili ndi mwana wamkazi ali Sitandade 2 pasukulu ya boma. Pamsonkhano wa makolo ahedi atiuza kuti kukubwera matabuleti, ndipo pophunzira mwana aliyense azigwira yakeyake. Atipemphanso kuti tizisonkha ya mlonda. Mwanayu ngakhale dzina lake salemba bwino. Akazolowera kudinadina, pensulo adzaigwiranso? Mayi wa ana atatu

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma musakane matabuletiwo. Ndalama ya mlonda sonkhani, kenaka muzilondola mmene zinthu zikuyendera.

Zimenezi sizinayambe dzulo. Mu 2013 bungwe la VSO ndi la onebillion la ku Britain anayesa maphunziro a pa tabuleti pasukulu ya Biwi ku Lilongwe. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro, mothandizana ndi mabungwewa komanso bungwe la Imagine Worldwide, unayambitsa pulogalamu yophunzitsa ana pa matabuleti yotchedwa BEFIT m'sukulu 500, n'cholinga choti idzafike m'mapulayimale onse a boma kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Ngati zakwanuko zili pansi pa pulogalamuyi, mwana sazitenga tabuleti kupita nayo kunyumba, ndipo sakhala nayo tsiku lonse. Magulu amasinthana. Matabuleti amatchajidwa ndi sola, amasungidwa mokhoma, ndipo maphunziro ake safuna intaneti.

Taganizirani kalasi ya ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi ali pabolodi ndi choko. Akafunsa kuti "mwamva?", onse amayankha "eee!", ndi amene sanamve omwe. Mwana wanu akhoza kukhala kumbuyo chaka chathunthu osadziwika kuti amasokoneza b ndi d. Pa tabuleti amavala mahedifoni, mawu akumulankhula m'Chichewa, iye n'kumalondola chilembo ndi chala. Akalakwa, amadziwa pomwepo n'kubwerezanso, popanda anzake omuseka. Wachangu amapitirira, wochedwa amayenda pang'onopang'ono. Phindu lake lenileni ndi limeneli: kanthawi kochepa kamene mwana akuphunzitsidwa yekha pamlingo wake.

Koma chipangizo pachokha sichiphunzitsa mwana. Dziko la Peru linagawa malaputopu ambirimbiri kwa ana a pulayimale, koma kafukufuku amene anatuluka mu 2012 anapeza kuti pa masamu ndi kuwerenga sipanasinthe kanthu. Ana anadziwa makompyuta, inde, koma maphunziro sanalumikizidwe ndi zipangizozo. N'chifukwa chake ndikuti pitani kwa ahedi kapena kwa a komiti ya sukulu mukafunse. Mwana aliyense azigwira tabuleti kangati pasabata, ndipo kwa mphindi zingati? Ndi aphunzitsi ati aphunzitsidwa kuyang'anira? Mahedifoni akaduka akonza ndani? Za ndalama ya mlonda, pemphani kuti izilembedwa m'buku ndipo iziwerengedwa pamsonkhano wa makolo. Kufunsa zotere si mwano. Ahedi ofuna chitukuko amakondwera ndi kholo lotere.

Tsono za pensulo. Mwalondola, kulondola chilembo pagalasi ndi chala n'kosiyana ndi kuchilemba pamzere m'kope. Dzanja limafuna kuzolowera. Kusukulu kope silikuchotsedwa, koma mbali yaikulu pano ndi yanu. Mwana akaweruka, atadya, mufunseni kuti, "Lero tabuleti yakuuza chiyani?" Akati "ma, me, mi, mo, mu", mupatseni kamtengo alembe pansi pabwalo, kenaka alembe m'kope. Muyambe ndi dzina lake lomwelo, chilembo chimodzi patsiku. Ngakhale inuyo sukulu simunapite nayo patali, mukhoza kuona ngati zilembo zikukhala pamzere. Mkulu wake angathandizenso.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ine ndi kujomba. Tsiku lamsika mwana watsala kulera mng'ono wake, mawa watumidwa kuchigayo, mkuja mvula. Pamene anzake akusinthana matabuleti, mpata wake ukupita. Mtsikana wa Sitandade 2 ndiye amene amagwa m'zimenezi kawirikawiri, choncho muyesetse kuti asamajombe.

Teremu ikatha, muyeseni nokha. Mutengereni buku lake la Chichewa, mutsegule tsamba limene sanaloweze, awerenge mizere iwiri. Mumutchulire mawu atatu monga "mayi", "madzi" ndi "sukulu", alembe m'kope. Akalephera zonse, tengani kopelo mupite nalo kwa aphunzitsi ake mukakambirane, musadikire mayeso a kumapeto kwa chaka.