Bwalo la Oimba: Gitala Imodzi Yolira Ngati Gulu

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo akufunsa za oimba gitala paokha, opanda ng'oma kapena besi kumbuyo kwawo. Tasankhapo asanu. Tikamatchula nsambo, yoyamba ndi yowonda ija ya pansi, ya 6 ndi yonenepa ya pamwamba.

Funso: Akuluakulu, ndikamva nyimbo zina za malemu Daniel Kachamba pa wailesi ndimamva ngati magitala ndi awiri, koma anthu amati anali yekha. Zimatheka bwanji? (Wowerenga wa ku Luchenza)

Yankho: Anthuwo sakunama, bambo. Kachamba, yemwe anabadwa mu 1947 n'kumwalira mu 1987, ankaimba kwela ndi mng'ono wake Donald, koma zilipo nyimbo zambiri zimene anajambula yekhayekha. Zonse zimachitikira ku dzanja lamanja. Chala chachikulu chimagwira ntchito ya besi pa nsambo zonenepa, chala cha mkombaphala chimayendetsa nyimbo pa nsambo zowonda, pakamwa pakutuluka mawu. Ntchito ya anthu atatu, munthu mmodzi.

Kuti mumve bwino lusoli, imvereni nyimbo imodzi katatu. Ulendo woyamba tsatirani kulira kwa pansi kokha, uku mukugunda phazi. Mudzaona kuti sikuduka ngakhale woimbayo akamakoka mpweya. Ulendo wachiwiri tsatirani nsambo zowonda, ndipo tcherani khutu pamene zikugwera: kawirikawiri sizigwera pamodzi ndi phazi lanu, zimalowa m'mipata. Kulowa m'mipata kumeneku ndiko kumanamiza khutu kuti pali munthu wachiwiri. Ulendo wachitatu mverani mmene gitala imayankhira mawu, monga amayi amapolokozerana pa mtondo.

Kaimbidwe ka zala ziwirika kanafala m'chigawo chino cha Africa m'zaka za m'ma 1950. Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga m'dziko la Congo, amene Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, anamujambula mu 1952, ndi George Sibanda wa ku Bulawayo ndi ena mwa amene anakatchukitsa, ndipo matchona obwerera kuchokera ku migodi ndi ku mizinda ya ku Rhodesia ankabwera ndi magitala komanso mbale za galamafoni. Kachamba nayenso anakhalapo ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, asanakhazikike kwawo ku Chileka. Katswiri wa zoimba Gerhard Kubik anakumana ndi abale awiriwa mu 1967, n'chifukwa chake kaimbidwe kawo kanalembedwa ndi kujambulidwa bwino kuposa ka anzawo ambiri a nthawi imeneyo.

Funso: Timatsutsana ndi mwana wanga. Iye amati akatswiri enieni ndi amene amawaonera pa YouTube monga Tommy Emmanuel, ati Allan Namoko ankangobwereza makiyi atatu. Mutiweruze. (Kholo la ku Bvumbwe)

Yankho: Mwana wanu ali ndi khutu, poti Emmanuel ndi katswiri weniweni. Walakwa poyesa chimanga ndi muyeso wa tiyi. Emmanuel, wa ku Australia, amatsata njira ya Merle Travis ndi Chet Atkins, oimba gitala a ku America: chala chachikulu chimavala piki (kachikhadabo kovala komenyera nsambo), chimadumpha pakati pa nsambo ziwiri mosasinthasintha, m'mphepete mwa chikhatho mutagona pa nsambo pafupi ndi buliji (kathabwa kogwira nsambo pa mimba ya gitala) kuti besi izimveka yofupika. Kumeneko luso limaoneka pa kuchuluka kwa makiyi ndi liwiro. Andrés Segovia wa ku Spain ankaimba nsambo za nayiloni ndi zala zinayi, kugwiritsa ntchito zikhadabo, ndipo kwa iye nkhani inali kuyera kwa liwu lililonse. Paco de Lucía wa flamenco ankamwaza zala pa nsambo motsatizana n'kumagogoda thabwa la gitala. Ali Farka Touré wa ku Mali ankatha kukhala pa kiyi imodzi nyimbo yonse, koma palibe amene amamukayikira. Django Reinhardt, woimba jazi, anapsa ndi moto mu 1928, zala ziwiri za kumanzere n'kupuwala, ndiye anapanga njira yakeyake yothamangira pakhosi pa gitala ndi ziwiri zotsalazo.

Namoko, mwana wa ku Thyolo kwanu komweko, anali wosaona, ankaimba banjo ndi gitala, ndipo anatsogolera gulu la Chimvu River Jazz Band. Anamwalira mu 1995. M'nyimbo zake, monga m'magule athu, makiyi amazungulira ngati gudumu, ndipo luso limakhala pa zimene woimba akuchita mkati mwa kuzungulirako. Mwana wanuyo ayese izi: aike nyimbo ya Namoko, awerenge kuti kuzungulirako kwachitika kangati, kenaka apeze maulendo awiri otsatizana amene dzanja lamanja lamenya chimodzimodzi. Adzavutika. Pena amakwapula nsambo zonse, pena amazigwira kuti zilire ngati chisekese, pena amasiya mpata kuti mawu adutse. Munthu wokulira pa bwalo la tchopa amazimva msanga zimenezi.

Ife poyesa woimba payekha timayang'ana ngati nthawi yake ili yokhazikika, ngati nsambo iliyonse ikumveka payokha, ndiponso ngati mungamuzindikire ndi khutu asanatsegule pakamwa. Pa chomalizachi Namoko sagonjera aliyense.

Funso: Ndayamba kuphunzira kuimba ndi zala, koma chala cha mkombaphala chikangolowa, chachikulu chimaima. Ndichite chiyani? (Mtsikana wa sekondale, Chitakale)

Yankho: Pafupifupi aliyense amayamba ndi vuto limeneli, chemwali, ndipo limabwera chifukwa chophunzitsa zala ziwiri nthawi imodzi. Yambani ndi chachikulu chokha. Gwirani C, chala chachikulu chizimenya nsambo ya 5, ya 4, ya 5, ya 4, kamodzi pa sekondi iliyonse. Mukasintha kupita pa G, chizimenya ya 6 ndi ya 4. Chitani zimenezi mphindi 10 tsiku lililonse kwa sabata yathunthu, mpaka muzitha kucheza ndi munthu chalacho chikuyendabe. Musadumphe gawo limeneli ngakhale likutopetsa.

Sabata yachiwiri onjezani chamkombaphala pa nsambo yachiwiri, koma pa kugunda koyamba kokha, zala ziwirizo zikulira pamodzi ngati mukutsina. Zikakhazikika, chisunthireni pakati pa kugunda kwachiwiri ndi kwachitatu. Apa ndi pamene chachikulu chimafuna kuima. Chikaima, musalimbane nacho, chepetsani liwiro ndi theka.

Onaninso kaikidwe ka dzanja. Chala chachikulu chizikhala patsogolo, cha ku khosi la gitala, chamkombaphala chotsalira cha ku buliji, kuti mukayang'ana pansi zizioneka zopingasana. Zikakhala pa mzere umodzi zimagundana, ndipo dzanja limayamba kudumpha. Nsambo musamaikokere kunja, imawomba pa mafureti (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala) n'kulira moipa. Ikodoleni chopita m'chikhatho.

Mukafika pamenepo yesani chimene chimapatsa nyimbo zathu kukoma kwake. Werengani 1 mpaka 6 mobwereza. Chachikulu chimenye pa 1 ndi 4, chamkombaphala pa 1, 3 ndi 5. Kuwiri kukuyenda pamodzi ndi kutatu, monga ng'oma yaing'ono imaseweretsera yaikulu. Ngati makiyi akukutsikirani mawu, mangani kapo (kopanira nsambo zonse pamodzi) pa fureti yachiwiri kapena yachitatu. Mwenda ankaigwiritsa ntchito kwambiri, ndipo pensulo yomangidwa ndi mphira imagwira ntchito yomweyo, bola igone pafupi ndi fureti, osati pamwamba pake.

Funso: Agogo anga amakamba za gitala ya hauyani. N'chiyani? (Wowerenga wa ku Muloza)

Yankho: Dzinali likuchokera ku Hawaii. Gitala imagonekedwa pa miyendo, ndipo m'malo mopana nsambo ndi zala, woimba amatsetsereza kabotolo kapena chitsulo chosalala pamwamba pake, liwu n'kumatuluka lolira ngati munthu. Kuno kwathu Ndiche Mwarare ankadziwika nako kaimbidweka. Kuti muyese, khwefulani nsambo ya 6, ya 5 ndi yoyamba, iliyonse itsike ndi mafureti awiri, kuti kuyambira pamwamba zikhale D, G, D, G, B, D. Mukazikwapula osagwira paliponse zimalira G, botolo likakhala pa fureti ya 5 ndi C, pa ya 7 ndi D. Botolo liziima pamwamba penipeni pa chitsulo cha fureti, chifukwa mukaliika kumbuyo monga muchitira ndi chala, liwu limatsika pang'ono n'kusemphana ndi mawu anu. Musadinikize. Zala zotsala zizikhudza nsambo kumbuyo kwa botolo kuti zithetse kaphokoso kotsalira. Botolo likamagunda mafureti, lowetsani msomali wodula mutu pansi pa nsambo pafupi ndi mutu wa gitala kuti zikwere.

Funso: Gitala yanga inkafewa, koma chiyambireni chiperoni nsambo zatalikira khosi ndipo zikuchita dzimbiri. Ndinachotsa za nayiloni n'kuika zachitsulo kuti izimveka patali. (Woimba ku tchalitchi, Likhubula)

Yankho: Achimwene, khwefulani nsambozo lero lomwe. Gitala yopangidwira nayiloni imapirira kukoka kwa makilogalamu pafupifupi 40, pamene nsambo zachitsulo za saizi ya .012 zimakoka pafupifupi 70. Magitala ambiri a nayiloni alibenso chitsulo cholimbitsa khosi mkati mwake, choncho khosi limapinda, thabwa la pamwamba limatukumuka, mapeto ake buliji imamatuka. Bwezeranimo za nayiloni. Mukafuna zachitsulo, pafunika gitala yopangidwira zimenezo.

Nyengo ya m'munsi mwa phiri la Mulanje imawonjezera vutoli. Gitala imakhala bwino chinyontho cha mumpweya chikakhala pakati pa 45 ndi 55 pa 100 alionse, koma nthawi ya dzinja ndi ya chiperoni kwanuko chimapitirira pamenepo kutalitali. Thabwa limamwa chinyonthocho n'kufufuma, buliji imakwera, nsambo n'kukwera nayo. Yezani ndi rula pa fureti ya 12, kuchokera pamwamba pa chitsulo kufika pansi pa nsambo. Pa gitala ya nsambo zachitsulo, ya 6 ikhale pa mamilimita 2.5 ndipo yoyamba pa 2. Ya nayiloni imakwererapo, 4 ndi 3. Zikapitirira pamenepo zala zimapweteka, ndipo liwu limakwera mukamagwira cha kumunsi kwa khosi.

Musaiyanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, guluu amasungunuka ndipo thabwa limang'aluka. Isungeni m'chikwama chake, muikemo timapaketi ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato, titatu kapena tinayi, ndipo isatsamire khoma lozizira kapena kukhala pa simenti. Ikauma pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, yezaninso musanapale kanthu kalikonse, poti nthawi zambiri nsambo zimatsika zokha. Za dzimbiri, thukuta la m'manja ndilo limayambitsa: mukatha kuimba, pisani kansalu kouma pansi pa nsambo iliyonse, mukapane ndi zala, n'kukayendetsa kuchokera ku buliji kukafika kumutu. Pa za nayiloni, zitatu zonenepa zija zokulungidwa ndi waya ndizo zimayamba kufa, ndiye mutha kusintha zokhazo n'kusiya zitatu zowonda.