Funsani Azakhali: Semesita yayamba koma penti ndilibe

Azakhali,
Ine ndine mtsikana wa chaka chachiwiri, ndikuphunzira za luso lojambula ku koleji. Tatsegulira Lolemba lapitali ndiye alekichala atipatsa mndandanda wa zinthu zoti tigule, penti, maburashi, mapepala akuluakulu ndi nsalu yojambulapo, koma ine ndalama yonse inathera ku fizi ndi lendi, ya loni sinalowebe. Amene amandilipirira ndi amalume ndipo atangomva za penti anangoti zojambulajambulazi ndi masewera a ana, bwenzi nditatenga uphunzitsi kapena unamwino. Komanso semesita yatha chithunzi changa chinadzudzulidwa pamaso pa kalasi yonse moti mpaka pano ndikagwira pensulo mtima umagunda. Ndisiye kodi?
Mwana wanu, Zomba

Mwanawe,
Usasiye ayi. Kalata yako ndaiwerenga kawiri ndipo ndaona kuti paliponse sunanene kuti kujambulako kwakutopetsa, wangonena za ndalama, za amalume ndi za manyazi, ndiye tiye tikambe zimenezo.

Mndandandawo usakuopse, sikuti zonse zikufunika sabata ino. Pita kwa alekichala ako, osati pagulu, uwafunse kuti asayimenti yoyamba ikufuna chani kwenikweni, nthawi zambiri masabata oyambirira mumakhala mukujambula ndi pensulo ndi makala basi. Ndipo makalawo utha kupanga wekha. Tola timitengo touma towongoka, tonenepa ngati pensulo, tichotse makungwa, tidule kuti tikwane mu chitini chokhala ndi chivindikiro, boola kabowo kamodzi pachivindikiropo ndi msomali nkuika chitinicho pa mbaula. Utsi uzituluka pakabowopo, ukaona kuti wasiya chotsa pamoto koma usatsegule pompo, dikira chizizire kaye chifukwa ukatsegula chili chotentha mphepo ikalowa timitengoto tiyaka nkusanduka phulusa. Ine tsiku loyamba kujambula ndi makala opanga ndekha ndinkangoyang'ana mzere wake, wakuda bii koma wofewa woti ukaupukuta ndi chala umasanduka mthunzi, pensulo siingakupatse zimenezo.

Penti ukamagula usatengeke ndi bokosi la mitundu 24. Gula wofiira, wachikasu, wabuluu, ndi woyera wambiri popeza ndi amene amatha msanga. Wobiriwira umupeza posakaniza wachikasu ndi wabuluu, ndipo munthu amene waphunzira kusakaniza yekha diso lake limathwa kuposa wongotsegula chubu. Gwirizanani anthu atatu kapena anayi mugule mabotolo akuluakulu muzigawana, zimatchipa. Koma maburashi okha aliyense akhale ndi ake, ndipo ngati penti wake ndi acrylic, wouma msanga uja, tsuka burashi nthawi yomweyo ndi madzi ndi sopo, akangoumirapo basi burashi yapita. Nsalu yojambulapo nayo, gula bafuta wamba kumsika, kalipentala akukhomere felemu ya timatabwa totsala, ukoke nsaluyo mpaka izilira ngati ng'oma ukaigogoda, kenako paka penti woyera wa PVA wosakaniza ndi guluu wa matabwa pang'ono, kawiri kapena katatu, ukudikira kuti aume.

Ndipo pansi pomwe ukupondapo pali mitundu. Agogo ako akamazira nyumba ndi katondo, makande ndi dothi loyera samapita kusitolo. Sefa dothilo bwinobwino, lipere, sakaniza ndi madzi ndi guluu, uyese papepala lolimba uone. Ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira zimene anajambula Akafula ndi zoyera zimene anajambula Achewa ndi dothi loyera, zina za chinamwali zina za Nyau, ndipo mu 2006 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ukapeza mpata pa holide upiteko ndithu, utsikirenso ku Mua ku Kungoni komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso mu 1976, ukaone zigoba za Gule Wamkulu mu Chamare Museum ndi mmene amisiri akumeneko amasemera mtengo. Chimandipweteka mtima kuti ana athu ambiri amamaliza maphunziro a luso akudziwa ojambula a ku Italy koma ku Mua asanapondeko.

Za amalume. Usakangane nawo, munthu amene akutulutsa fizi ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama yake ikupita kuti, ndipo nkhawa yawo ndi yoona, ntchito za luso kuno sizibwera pa mbale. Chimene sakudziwa ndi choti luso limadyetsa bwanji, ndiye aonetse. Mabuku a ana asukulu amene amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi ali ndi zithunzi, alipo amene amazijambula. Chitenje chimene avala akazi awo alipo amene anakonza maluwa ake. Zikwangwani, makatuni a munyuzipepala, mapositala a zaumoyo kuchipatala, ma logo a makampani, zonsezo ndi manja a anthu ngati iwe, ndipo uphunzitsi akunenawo utha kudzaupangabe, kuphunzitsa luso lomwelo. Koma mau okha sangawagwire mtima. Ajambule iwowo, kapena mai awo ngati pali chithunzi chakale chimene chikufufutika, uchite modekha ndi makala ako aja, uike mu felemu ukawapatse m'manja uli chogwada. Kenako ndi pomwe ungatchule za penti.

Tsopano za kudzudzulidwa zija, apa ndi pomwe ndikufuna undimvetsetse. Kupachika ntchito pakhoma anthu nkumaikamba ndi mbali ya maphunziro anuwo, zichitikanso semesita ino ndipo zimawawa, ine ndinalirapo kuseri kwa kalasi nditauzidwa kuti manja a munthu amene ndinajambula akuoneka ngati nthochi. Zinali zoona. Ndinatha mwezi ndikujambula dzanja langa lamanzere usiku uliwonse, litafumbata, litatambasuka, litagwira kapu, mpaka ndinayamba kuona pomwe fupa lili ndi pomwe mnofu ukupindika. Iwenso kumbuka kuti ananena chani kwenikweni pa chithunzi chako, chilembe, chimenecho ndiye ntchito yako ya semesita ino. Ngati anangonyoza osanena cholakwika, bwerera ukafunse mwaulemu kuti ndikonze pati. Ndipo mantha a pensulo amathera pa pensulo pomwepo, soka kabuku ka mapepala otsala, uziyenda nako, tsiku lililonse mphindi 20 ujambule chili pamaso pako, amai ogulitsa tomato mumsika wa Zomba, wa kabaza akudikira kasitomala, phiri lija likamavala mtambo m'mawa. Kabukuko sikoonetsa munthu. Ikadzafika Disembala udzatsegule tsamba loyamba ndi lomaliza, udzandilembere.

Azakhali,
Ndabwera ku holide ndapeza zithunzi zanga zomwe ndinasiya kunsi kwa bedi zachita nkhungu ndipo makala afufutika. Pali chomwe ndingachite?
Mnyamata wa chaka choyamba

Pepa mwanangu. Zitulutse uziyanike pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa lamphamvu, zikauma sasa nkhunguyo ndi burashi yofewa uli panja, utatseka mphuno. Madontho ena sachoka. Kuyambira lero usamaike mapepala pasimenti, simenti imatulutsa chinyezi makamaka nthawi ya mvula, aike pamwamba pakati pa makatoni awiri, ndipo pakati pa chithunzi ndi chinzake uziikapo pepala loyera. Za makala uzipopera pang'ono sipule ya tsitsi uli chapatali kuti zisafufutike. Chilichonse ukamaliza chijambule pafoni masana pafupi ndi windo nkudzitumizira pa imelo, tsiku lomwelo.