Funsani Tikuyankheni: Bwanji nyumba za ku Bath, ku England, n'zofanana kumaso kokha?

Funso: Ndimagwira ntchito ya unamwino ku Bristol. Tsiku lina ndili pa ofu ndinapita ku Bath kukaona mzere wokhota wa nyumba zakale wotchedwa Royal Crescent. Kumaso zonse n'zofanana, koma nditazungulira kuseri ndinapeza ina yaitali, ina yaifupi, mawindo ali balalabalala. Kodi anthu anachita kuziwononga pambuyo pake? (Mayi wa ku Bristol)

Yankho: Mayi, munachita bwino kuzungulira kuseriko, poti ambiri amangojambulitsa pa kapinga n'kumapita. Kusiyanako kunayamba pomanga pomwe.

Nyumbazi zilipo 30, zogundana khoma ndi khoma, ndipo mzere wonse ndi wotalika pafupifupi mamita 150. Anajambula pulani yake ndi John Wood wamng'ono, mwana wa John Wood amene anajambula nyumba zozungulira bwalo zotchedwa The Circus chapafupi pomwepo. Ntchito inayamba mu 1767 n'kutha cha m'ma 1774. Koma Wood anajambula kumaso kokha. Aliyense wotenga malo ankalonjeza kumanga khoma lakutsogolo ndendende monga mwa pulaniyo, ndi miyala yotuwa mwachikasu ya ku Bath komweko. Kuseri kwa khomalo ankaitana mmisiri wake n'kumanga malinga ndi thumba lake. N'chifukwa chake madenga ndi mawindo akumbuyo sagwirizana. Ine mbali imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa ndi kumene mumaona kuti munkakhala mabanja osiyana, osati mfumu imodzi m'nyumba yachifumu.

Mukadzapitanso mudzayang'anitsitse nsanamira. Zilipo 114, ndipo siziyambira pansi ayi. Khoma la chigawo chapansi n'losalala, lopanda zokongoletsa. Nsanamirazo zimayambira pamwamba pake n'kukwera nsanjika ziwiri, ndipo pamutu pake zinapindika ngati nyanga za nkhosa. Pa nyumba yapakati, nambala 16, anaziimika ziwiriziwiri kuti diso lidziwe pakati pa mzere. Lero pamenepo pali hotela.

Za chitetezo, nyumbazi zili m'gulu la Grade I, lomwe ndi lapamwamba kwambiri pa nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo ku England, ndipo mzinda wa Bath unalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1987. Mwini nyumba sangangosintha windo kapena khoma popanda chilolezo cha khonsolo. M'zaka za m'ma 1970, mayi Wellesley-Colley a pa nambala 22 anapaka chitseko chawo penti yachikasu pomwe anzawo anali ndi zoyera. Khonsolo inawalamula kuti afute, iwo anakana, nkhani inakafika kwa nduna ya boma, ndipo anapambana.

Zowonongeka zenizeni zinachitika mu 1942, pamene mabomba a Germany anatentha mkati mwa nambala 2 ndi 17, koma anazikonzanso.

Nambala 1 ndi nyumba yosungiramo zakale, yoyendetsedwa ndi bungwe la Bath Preservation Trust. Mukalowa musathere m'zipinda za mabwana mokha. Tsikiraninso kukhitchini, kumene antchito ankaphikira ndi kutsuka mbale.