Sikauti ndi mzondi kodi? Nanga Baden-Powell ankaimba ngoma kapena ng'oma?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wina amene amayang'anira anyamata ndi atsikana omanga timipango m'khosi aja. Akuti:

"Bambo, ndikulembera ana anga kabuku kofotokoza mmene gulu la ma Scout ndi ma Guide linafikira kumalo akutali kwambiri, makamaka pachilumba cha Tristan da Cunha. Mnzanga akuti ndisalembe 'sikauti' poti ndi Chingerezi, ndilembe 'mzondi', ndipo 'gaidi' ndilembe 'mtsogoleri'. Akunena zoona? Nanga remote ndi lone ndiwatani? Ndayesa 'kumudzi' ndi 'wosungulumwa' koma sizikundikomera m'khutu."

Aphunzitsi, khutu lanulo muzilikhulupirira, likugwira ntchito bwino kuposa mnzanuyo.

Tiyambe ndi mzondi. Mnzanu sanaphonye kwenikweni, wangofika mochedwa ndi zaka zoposa 100. Robert Baden-Powell, amene anayambitsa gululi, anali msilikali, ndipo pa usilikali scout ndi munthu wotsogola mwakachetechete kukaona kumene adani ali. Ameneyo m'Chichewa ndi mzondi, monga amuna 12 aja amene Mose anawatuma kukazonda dziko la Kanani pa Numeri 13, nakatha masiku 40. Koma pamene Baden-Powell anatengera anyamata pafupifupi 20 kumsasa wa pachilumba cha Brownsea mu Ogasiti 1907, liwulo linavula yunifolomu ya nkhondo n'kuvala kabudula. Linasanduka dzina la gulu. Mzondi wathu sanavule kanthu, mpaka lero ananyamulabe fungo la kazitape. Tayesani kulembera makolo kalata yoti "Loweruka azondi onse afike pasukulu mmawa", muone ngati abwera ndi ana okha.

Choncho lembani sikauti, osachita manyazi. Owerenga tsamba lino amandidziwa kuti ndimadana ndi kubwereka kwa ulesi, kuja munthu amati "ndapanga decide" pamene "ndaganiza" ali pomwepo akumuyang'ana. Koma kubwereka khasu chifukwa ulibe ndi kwina, kubwereka chifukwa waulesi kukatenga lako kuseri kwa nyumba ndi kwinanso. Dzina la gulu timabwereka. Akachuluka ndi masikauti, monga madokotala, manesi ndi madalaivala, koma mmodzi timamutenga ngati munthu: sikauti uyu wafika, osati sikauti iyi yafika. Ndamvapo pawailesi "sikauti iyi", ndinatsala pang'ono kuzimitsa. Ena amalemba sikawuti. Sindingawatengere kubwalo, ngakhale ine w ameneyo sindimumva pakamwa pa aliyense. Chimene sindilola ndi "ma Scout" wotalikirana uja, ngati ma wayambana ndi mwini wake.

Pali kanthu kena kondisangalatsa m'liwuli. Angerezi nawonso anachita kubwereka, kwa Afalansa akale amene ankati escouter, kutanthauza kumvetsera, ndipo Afalansawo analitenga ku Chilatini, auscultare. Sikauti ndiye kuti ndi womvetsera, osati woona. Ndi chifukwa chake ndimang'ung'udza ndikaona chilangizo chawo chotchuka chija, Be Prepared, atachimasulira kuti "Khala wokonzeka". Sikulakwa ayi, koma n'kozizira ngati chikalata cha ku ofesi. Baden-Powell anasankha mawuwo mwa zina chifukwa amayamba ndi zilembo za dzina lake, B ndi P, ndipo masewera amenewo sitingawasamutse. Ife tili ndi athu abwino koposa: "Khala tcheru". Tcheru ndi mwana wa kutchera, kutchera khutu, monga amachitira gwape akamva tsamba lathyoka. Palibe amene angandichotse pamenepo. Ndili mnyamata, mkulu amene ankatiphunzitsa mfundo za zingwe ankangofuula "Tcheru!" ndipo tonse tinkauma ngati zitsa. Sanadziwe Chilatini mkulu uja, koma anabwezera liwu kumene linachokera.

Gaidi tsopano. "Mtsogoleri" ayi, chifukwa mudzasowa chomutchula mayi amene akutsogolera atsikanawo. Mbiri yake ndi iyi: mu 1909, pamsonkhano wa masikauti ku Crystal Palace mu London, kunatulukira atsikana amene anadzitcha okha masikauti popanda wowaitana. Chaka chotsatira, 1910, anawakhazikitsira gulu lawolawo pansi pa Agnes, mlongo wake wa Baden-Powell. Dzina analitenga ku gulu la asilikali la ku malire a kumpoto chakumadzulo kwa India, Corps of Guides, limene linayamba mu 1846, anthu odziwa njira m'mapiri (ndi omwewonso anayamba kuvala kaki). Wodziwa njira wotere ife timati namulondola. Ndipo taonani na- wakumayambiriroyo, yemweyo wa namwali, namwino ndi namfedwa, amene nthawi zambiri amakondera akazi. Liwuli likuchita ngati analisokera atsikanawa. Ndikanakhalapo mu 1910 ndikanaumirira. Koma sindinalipo, ndipo atsikana eni ake amati magaidi. Lembani gaidi, kenaka pamalo oyamba pamene liwulo likupezeka mufotokoze kuti tanthauzo lake ndi namulondola.

Remote ndiye wandiseketsa, chifukwa mwana wa lero mukamuuza rimoti athamangira kukasaka kunsi kwa mpando. "Kumudzi" musiyeni. Mudzi ukhoza kukhala m'mphepete mwa msewu waukulu, ndipo chizolowezi chomati kulikonse kovuta kufika ndi kumudzi n'cha anthu a m'tauni amene amayesa dziko limathera pamene pathera magetsi. Amabungwe anatibweretsera "madera ovuta kufikako", mawu olondola koma olemera ngati thumba la mchenga. Onani malo amene mukulembawo. Tristan da Cunha ili pakati pa nyanja ya Atlantic chakummwera, makilomita pafupifupi 2,400 kuchokera ku St Helena, kumene kuli anansi awo apafupi, ndi pafupifupi 2,800 kuchokera ku Cape Town. Bwalo la ndege kulibe, sitima imatenga pafupifupi sabata, ndipo anthu ake sakwana 300. Malo otere Mchewa sawatchula ndi liwu limodzi, amakoka mawu: kutalitali, kumathero a dziko, chilumba chakwayokha. Ine ndingalembe "chilumba chakutalitali, chopanda mnansi". Kubwereza kumeneko ndi chuma chathu, ndipo tikuchitaya chifukwa choopa kuti pepala lioneka lachibwana. Ena adzakuuzani kuti chisumbu, osati chilumba. Onse awiri ndi athu, sankhani limodzi mukhale nalo mpaka kumapeto kwa kabukuko.

Poti mwatchula chilumbachi, musaiwale nkhani ya mbendera, ana adzaikonda. Mu 1921 Ernest Shackleton, ponyamuka ulendo wake womaliza wa kunyanja zozizira za kummwera pa sitima yotchedwa Quest, anatenga masikauti awiri osankhidwa mwa anyamata pafupifupi 1,700: James Marr wa ku Aberdeen ndi Norman Mooney wa ku zilumba za Orkney. Mooney nyanja inamukana, anadwala mpaka anatsikira ku Madeira. Shackleton anamwalira ku South Georgia pa 5 Januwale 1922, koma sitima inapitiriza ulendo pansi pa Frank Wild, ndipo mu Meyi chaka chomwecho inaima pa Tristan da Cunha. Kumeneko Marr anapereka mbendera yochokera kwa Baden-Powell kwa kagulu ka masikauti kamene kanali katangoyamba kumene. Polemba, munene kuti "anapereka mbendera". Ndaona kale wina atalemba "anapanga present fulagi", ndipo tsiku limenelo sindinadye bwino.

Lone uja mwamuganizira bwino pomukana "wosungulumwa". Kusungulumwa ndi matenda a mumtima, ungathe kusungulumwa uli pakati pa chikhamu. Apa nkhani ndi ya mtunda chabe. Mwana wokhala kutali ndi anzake, kumene sikungapezeke ana okwanira kupanga gulu, ankaphunzira kudzera m'makalata. Ku Britain atsikana otere anayamba kuwasonkhanitsa motero mu 1912, ndipo ku America mwini nyuzipepala wa ku Chicago, William D. Boyce, anayambitsa Lone Scouts of America mu 1915 poganizira anyamata a m'mafamu, gulu limene linalowa mu gulu lalikulu la masikauti a dzikolo mu 1924. Mwana wotere ndi sikauti wapayekha, gaidi wapayekha. Ali payekha, koma kalata ikubwera.

Funso lachiwiri ndi lalifupi, lachokera kwa mayi wina amene akuti mwana wawo wabwera ndi pepala lonena kuti "Baden-Powell ankadzutsa anyamata pa Brownsea poimba ng'oma". Akufunsa ngati Azungu a nthawi imeneyo ankaimba ng'oma.

Mayi, pepala limenelo lalakwa ndi kachizindikiro kamodzi kokha, koma kachizindikiro kameneko kasandutsa nyama kukhala chikopa chake. Chimene Baden-Powell ankaliza mmawa uliwonse inali nyanga ya ngoma, nyama ija ya nyanga zopotana imene Angerezi amati kudu. Nyangayo anachokera nayo ku Matabeleland, kumene anamenya nkhondo mu 1896. Ngoma ndi nyama, ng'oma ndi yoimba. Wolemba pepalayo ayenera kuti anaona "ngoma", nayesa kuti wina waiwala kachizindikiro, n'kukonza chimene chinali cholondola kale. Matenda amenewa afala chifikireni mafoni: ena akuchotsa kachizindikiroka paliponse mpaka ng'ombe yasanduka ngombe, ena akukamwaza paliponse ngati mchere. Komanso nyanga sitiimba ngati ng'oma, timailiza kapena kuiomba, monga lipenga. Muuzeni mwanayo akonze ndi cholembera, aphunzitsi ake akafunsa anene kuti ndamutuma ndine.

Kuchokera ku nkhondo yomweyo Baden-Powell anabwera ndi dzina limene ankanyadira, Impeesa, namauza anthu kwawo kuti Amandebele anamutcha "mmbulu wosagona". Aliyense wodziwa zilankhulo za abale athu akummwera amva yekha kuti impisi ndi fisi wathu yemweyu, m'liwu limeneli f wathu kwawoko amamveka p. Mkuluyo anamutcha fisi, mwina chifukwa choyendayenda usiku, iye n'kukasandutsa mmbulu pofika ku London. Sindimuimba mlandu. Ndani angabwerere kwawo n'kukauza mlongo wake kuti ku Africa amanditcha fisi?

Wachitatu wangolemba mzere umodzi: "Kodi n'zoona kuti jamboree anachokera ku jambo wa Chiswahili?"

Ndikanakonda zikanakhala choncho, makamaka poti Baden-Powell anakamwalira ku Nyeri, ku Kenya, pa 8 Januwale 1941, ndipo manda ake ali komweko. Koma ayi. Liwuli linkamveka kale ku America m'zaka za m'ma 1860, kutanthauza phwando laphokoso, Baden-Powell akadali mwana. Iye anangolitola n'kulipatsa msonkhano waukulu woyamba wa masikauti a maiko onse, ku Olympia mu London mu 1920. Mawu awiri akafanana kumayambiriro sindiye kuti ndi pachibale, apo ayi jambo akanakhalanso msuweni wa kujambula. Lembani jambori ngati mukunena msonkhano weniweniwo. Ndipo aphunzitsi a funso loyamba aja, ikani m'kabuku kanu kuti kuyambira 1958 pamakhala jambori ya pa wailesi chaka chilichonse, masiku ano mwezi wa Okutobala, yoti sikauti wapayekha, kaya ali pachilumba kaya pafamu, alankhule ndi anzake osakwera sitima. Kabukuko kakatuluka munditumizireko kamodzi, ndikaone ngati ngoma yasunga nyanga zake.