Nkhunda 11, Zisa 10: Kompyuta Ikuchedweranji?

Funso: Ndapatsa SAT solver (pulogalamu yofufuza ngati malamulo onse a funso angakwaniritsidwe nthawi imodzi) funso loika nkhunda 11 m'zisa 10, chisa chilichonse nkhunda imodzi. Mwana aliyense angaone kuti sizingatheke, koma pulogalamuyo ikungozungulira. Vuto n'chiyani?

Yankho: Vuto ndi symmetry, kutanthauza kusasintha kwa funso mukasinthanitsa zigawo zake. Funso lanulo lili ndi ma variable (zinthu zimene zingakhale zoona kapena zabodza) 110 ndi ma clause (malamulo oyenera kukwaniritsidwa) 561 okha, koma mukasinthanitsa nkhunda ziwiri kapena zisa ziwiri, fomula imakhala yomweyo. Nkhunda zokhazo zimasanjika m'njira 39,916,800, ndipo solver imagwera m'dzenje limodzimodzi kambirimbiri, osazindikira kuti inagwamo kale. Mu 1985 Armin Haken anatsimikizira kuti pa funsoli umboni wa resolution (njira yotsimikizira imene ma solver ambiri amadalira) umakula moopsa nkhunda zikamachuluka, choncho kugula kompyuta yamphamvu n'kutaya ndalama.

Dutsitsani kaye fayilo yanu ya CNF (mmene muli ma clause anu) mu BreakID kapena Shatter. Mapulogalamuwa amasandutsa fomula kukhala graph (chithunzi cha mfundo zolumikizana): mfundo ziwiri pa variable iliyonse, imodzi pa clause iliyonse. Kenako pulogalamu ina yotchedwa saucy imafufuza masinthidwe osasintha graph ija, ndipo mapulogalamu aja amawonjezera ma clause otchedwa lex-leader, amene amadula mayankho ofanana koma kusiyako limodzi kapena angapo pagulu lililonse. Njirayi inafotokozedwa ndi Crawford, Ginsberg, Luks ndi Roy mu 1996. Pa nkhundazi ife timakonda BreakID, chifukwa imazindikira mizere ya ma variable yosinthanitsika.

Samalani apa: ngati mukuwerenga kuchuluka kwa mayankho, chiwerengero chidzatsika molakwika. Mukadzawonjezeranso clause pambuyo pake, monga yoti nkhunda yoyamba ilowe chisa chachitatu, symmetry yaphwanyika, ndipo funso lotheka lingatuluke UNSAT, kutanthauza kuti silingatheke. Zikatero yambiraninso pa fomula yathunthu.